Mwana Wophethiraphethira ndi Kugwedeza Mutu: Kodi Zakudya, Mavitamini ndi Zitsamba Zimathandiza?

Pali ana ena amene amayamba kachitidwe kodabwitsa popanda chifukwa chooneka. Wina amangophethira pafupipafupi m'maso mulibe kanthu. Wina amakweza mapewa, wina amakwinya mphuno, wina amakoka mamina alibe chimfine, wina amatulutsa kaphokoso kukhosi nthawi ndi nthawi. Madokotala amatcha zimenezi kuti ma tic. Makolo ambiri safuna kuthamangira mankhwala amphamvu a kuchipatala, ndipo m'pomveka. N'chifukwa chake amatembenukira ku zakudya, mavitamini a m'mabotolo, zitsamba ndi malangizo a pa intaneti. Mafunso ali m'munsiwa ndi oyenera kudzifunsa musanatulutse ndalama.

Kodi mwana wanga akuchita dala?

Sakuchita dala. Tic ndi kugwedezeka kwa mbali ina ya thupi, kapena kaphokoso, kobwera mwadzidzidzi, kofulumira ndiponso kobwerezabwereza mofanana. Ana osinkhukirapo, a zaka 10 kupita m'tsogolo, amafotokoza kuti tic isanabwere amamva kanthu kowakakamiza pamalopo, mwina kuyabwa, mwina kukoka, ndipo akaichita amapezako mpumulo kwa kanthawi. Zili ngati kuyetsemula: ungadzigwire pang'ono uli pagulu, koma mapeto ake umayetsemulabe. Ndiye mwana amatha kudzigwira m'kalasi m'mawa wonse, n'kufika kunyumba ma tic onse n'kutulukira pamodzi. Makolo akaona zimenezi amati, "Kusukulu satero, ndiye kuti n'chibwana basi." Ayi ndithu. Kunyumba ndi kumene mwanayo wamasuka, ndipo wabwera atatopa ndi kudzigwira.

Gwero la vutoli lili mu ubongo, m'zigawo zamkati zimene zimasankha choti thupi lichite ndi choti lileke. Limayendanso kumtundu. Mukafunsa bwino akuluakulu, kawirikawiri mumamva kuti bambo ake, amalume ake kapena agogo ake anali nako kachitidwe kotere ali ana. Anyamata amapezeka nalo kuwirikiza katatu kapena kanayi kuposa atsikana.

Ma tic amayamba mwana ali ndi zaka zapakati pa 4 ndi 7, amafika pachimake ali ndi zaka 10 mpaka 12, ndipo mwa ana ambiri amachepa kwambiri akamatha msinkhu, ena n'kutheratu. Ndi ofala kuposa mmene timaganizira: mpaka mwana mmodzi mwa ana 5 amakhalapo ndi tic kwa kanthawi. Ma tic a thupi ndi a mawu akakhalapo onse kwa nthawi yoposa chaka, madokotala amati ndi matenda a Tourette, potengera dzina la Georges Gilles de la Tourette, dokotala wa ku Paris amene mu 1885 analemba za odwala 9. Awa ndi ochepa, sapitirira mwana mmodzi pa 100. Kutukwana mosafuna, kumene mafilimu amakonda kuonetsa, kumachitikira mmodzi kapena awiri okha mwa anthu 10 a matenda a Tourette.

Ndisanayambe kumusinthira zakudya, kodi ndipite naye kuchipatala?

Pitani naye, ngakhale kamodzi kokha. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumaonetsa ma tic. Dokotala amawazindikira poona mwana ndi kumva mbiri yake. Mujambuleni kavidiyo pafoni mwakachetechete, chifukwa ana ambiri akakhala pamaso pa dokotala ma tic amabisala.

Chifukwa chachikulu chopitira n'chakuti pali matenda ena ofanana ndi ma tic amene sayenera kuchedwetsedwa. Oyamba ndi amene madokotala amati Sydenham chorea. Amabwera patapita milungu kapena miyezi mwana atadwala zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi tizilombo ta streptococcus. Mwana sakhazikika, manja, miyendo ndi nkhope zimangoyenda zokha mosatsata dongosolo, amagwetsa kapu, zolemba zake m'kope zimasokonekera, ndipo kudzigwira kumamukanika. Kusiyana kwake n'kwakuti tic imabwereza chinthu chomwechomwecho, pamene chorea imasinthasintha. Chorea ndi chizindikiro cha matenda amene amawononga zitseko za mtima, omwe ku Ulaya anachepa kwambiri koma kuno ku Africa akadali ofala. Mwana wotere amafunika kupimidwa mtima ndi kulandira jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo. Mukangomugulira mavitamini n'kukhala naye pakhomo, mtima wake ungamawonongeke inu osadziwa.

Ena ndi khunyu. Mwana wa ma tic amakhala akudziwa zonse, ndipo mukamuitana amayankha. Ngati amangoti duu, maso ali tong'o, osayankha, kapena amagwa n'kusakumbukira zimene zachitika, imeneyo si tic. Kuphethira nako nthawi zina kumabwera chifukwa cha maso oyabwa kapena osaona bwino. Uzaninso dokotala mankhwala onse amene mwana wamwa posachedwa, chifukwa ena, monga oletsa kusanza, amatha kugwedeza kapena kuumitsa khosi ndi nkhope.

Mnzanga anapatsa mwana wake mavitamini, ndipo patatha milungu iwiri ma tic anatha. Kodi umenewu si umboni?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ma tic amakwera n'kutsika okha. Amavuta kwa milungu ingapo, kenako amazilala, kenako amabweranso, mwina mwa mtundu wina: amene ankaphethira tsopano akugwedeza khosi. Tsono taganizani, kodi kholo limagula botolo la mavitamini liti? Limagula pamene zinthu zafika poipa. Ndipo ma tic akafika poipa, chotsatira chake kawirikawiri ndi kutsika, botolo lilipo kapena palibe. Mnzanuyo sakunama. Waonadi kusintha ndi maso ake. Koma akadapanda kugula kanthu, mwina akadaona kusintha komweko.

Izi sizikhudza mavitamini okha. Amene analetsa mwana shuga, amene anapita naye kwa sing'anga, ngakhale amene analandira mapiritsi kuchipatala, onse angathe kupusitsidwa ndi kukwera ndi kutsika kumeneku. Amene anayamba chithandizo mwana ali ndi zaka 12 ndiye amapusitsidwa kawiri, chifukwa pa msinkhu umenewo ma tic amakhala ayamba kale ulendo wotsika.

Palinso china. Kholo likayamba kuchitapo kanthu, mtima wake umakhala pansi. Limasiya kuyang'anitsitsa mwana ndi kumukalipira. Mwana naye amamasuka, ndipo ma tic amachepa. Chathandiza pamenepa ndi mtendere wa pakhomo, koma chitamando chimapita ku botolo.

N'chifukwa chake ofufuza sakhutira ndi maumboni otere. Amagawa ana m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina amalipatsa mankhwala enieni, lina amalipatsa mibulu yofanana nayo koma yopanda mankhwala, ndipo mwana, kholo ndi woyeza yemwe sadziwa kuti ndani ali m'gulu liti. Mankhwala amaoneka kuti akugwira ntchito pokhapokha gulu loyamba likaposa lachiwiri. Umenewu ndiwo muyeso umene ndiyezere zonse zotsatirazi.

Nanga magnesium ndi vitamini B6, zimene zikutamandidwa kwambiri pa intaneti?

Maganizo ake ndi omveka: magnesium amagwira ntchito m'minyewa ndi m'minofu, ndiye anthu amati mwina akachuluka minofu ikhala bata. Koma kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri, wa ku Spain wa mu 2008, anali wa ana 10 okha. Panalibe gulu loyerekezera nalo, ndipo aliyense ankadziwa chimene mwana akumwa. Ma tic anachepadi, koma mwaona kale chifukwa chake zimenezi sizikwanira. Mpaka pano palibe kafukufuku wamkulu wa magulu awiri amene watsimikiza kuti magnesium kapena B6 amachepetsa ma tic.

Kuipa kwake kulipo. Magnesium akachuluka amatsegula m'mimba, ndipo kwa mwana wa vuto la impso ndi woopsa. Vitamini B6 womwa wambiri kwa miyezi amawononga minyewa, munthu n'kumamva dzanzi m'manja ndi kumapazi. Mabotolo ambiri ogulitsidwa m'masitolo amakhala a mlingo wa akuluakulu.

Ngati mukufuna kuti mwana azipeza magnesium wokwanira, ali m'munda mwanu momwemo. Ali mu mtedza, nyemba, nandolo, soya, nthanga za maungu, bonongwe, nkhwani ndi chisoso. Mgaiwa uli naye wambiri kuposa ufa woyera, chifukwa pokonola amapita ndi madeya. B6 ali mu nthochi, nsomba, nkhuku ndi mtedza womwewo. Ndiwo zotendera ndi nsima ya mgaiwa sizingapitirire mlingo.

Mafuta a nsomba, vitamini D ndi ayironi?

Mafuta a nsomba, amene pabotolo amalemba kuti omega-3, anayesedwa bwino. Ku New York, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2012, ana 33 a zaka 6 mpaka 18 anagawidwa m'magulu awiri kwa milungu 20. Omwa mafuta a nsomba ma tic awo sanachepe kuposa a anzawo, ngakhale panali zizindikiro zakuti mavuto amene ma tic ankawabweretsera pa moyo wa tsiku ndi tsiku anapepukako. Usipa kapena matemba kawiri katatu pa sabata ndi chakudya chabwino kwa mwana aliyense, ndipo ndi chotsika mtengo kuposa makapusozi.

Mankhwala ena owonjezera otchedwa NAC anayesedwa ku yunivesite ya Yale ku America pa ana 31 kwa milungu 12, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2016 sizinaonetse kusiyana kulikonse ndi mibulu yopanda kanthu ija.

Pa vitamini D zotsatira zikutsutsana. Ofufuza a ku China anapeza kuti ana a ma tic anali ndi vitamini D wochepa m'magazi, koma kafukufuku wa m'mayiko angapo a ku Ulaya sanapeze zimenezo. Vitaminiyu akachuluka sachoka m'thupi msanga, ndipo amatha kuwononga impso.

Ayironi ndi nkhani ina, ndipo pano ndikulimbikitsa kuyezetsa. Kafukufuku wochepa anapeza kuti ana ena a ma tic ali ndi ayironi wochepa m'thupi, ngakhale sizinatsimikizike kuti kumuwonjezera kumachepetsa ma tic. Koma kwathu kuno kuchepa kwa magazi n'kofala mwa ana chifukwa cha malungo, njoka zam'mimba ndi kuperewera kwa zakudya, ndipo mwana wochepa magazi amatopa msanga, amavutika kumvetsera m'kalasi, ndipo nthawi zina sagona bwino. Ngati kuyeza kwaonetsa kuti magazi ndi ochepa, alandire chithandizo chifukwa cha vuto limenelo. Musamupatse mapiritsi a ayironi amene mayi analandira kusikelo. Mwana wamng'ono akameza ambiri nthawi imodzi angathe kufa.

Pali zakudya zimene ayenera kusiya?

Chimene ndingachotse mosazengereza ndi caffeine, chinthu chopezeka mu khofi, tiyi ndi zakumwa za kola. Ku Germany, mu 2008, anthu 224 a matenda a Tourette anayankha mafunso okhudza zakudya, ndipo ambiri anatchula khofi, zakumwa za kola ndi tiyi wamasamba kuti zimawonjezera ma tic awo. Ena anatchulanso shuga. Awa anali maganizo a anthuwo chabe, koma pa caffeine akugwirizana ndi zimene tikudziwa: amadzutsa ubongo ndipo amasokoneza tulo. Choncho tiyi wa mwana asakhale wakuda bii, ndipo asamwe madzulo. Zakumwa za m'zitini zimene amati n'zopatsa mphamvu asazikhudze n'komwe.

Za utoto wa m'zakudya, kafukufuku wotchuka wa ku Southampton ku Britain wa mu 2007 anali wokhudza kusakhazikika kwa ana, osati ma tic. Kuchepetsa mafirizesi, maswiti ndi tizakudya ta m'mapaketi n'kwabwino pa zifukwa zina zambiri, mano akhale oyamba, koma musayembekezere kuti ma tic atha nazo.

Pa intaneti mupezanso ambiri olimbikitsa kusiya gluten, chinthu chopezeka mu tirigu ndi barele. Amatchula kafukufuku wa ku Spain wa mu 2018, wa anthu 29 amene anasiya gluten kwa chaka chathunthu, koma nayenso analibe gulu loyerekezera nalo. Dziwani kuti nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, mapira ndi mawere zilibe gluten. Mwana amene amadya buledi kapena mandasi mwa apo ndi apo ali kale pafupi ndi kadyedwe kamene makolo a ku Ulaya amalipirira ndalama zambiri. Ndipo ma tic amapezeka padziko lonse, kwa odya tirigu ndi kwa odya chimanga omwe. Amene ayenera kusiyiratu tirigu ndi mwana amene dokotala wamupeza ndi matenda odana ndi gluten.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kholo limene lamva kuti mkaka, mazira, mtedza, tomato ndi tirigu zonse "zimadzutsa" ma tic, n'kuzichotsa pamodzi. Ku Malawi ana opitirira mmodzi mwa atatu alionse osakwana zaka 5 ndi okwinimbira. M'dziko lotere, kuchotsa dzira ndi mtedza m'mbale ya mwana amene akukula, chifukwa cha mphekesera, n'kumulakwira. Komanso nthawi ya chakudya ikasanduka nthawi ya mikangano, nkhawa ya mwana imakula ndipo ma tic amakula nayo. Magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa ndiwo kadyedwe koyenera mwana wa ma tic, monga mmene alili kwa abale ake.

Ngati mukukayikiradi chakudya china, chotsani chimodzi chokhacho kwa milungu inayi, kenako mubwezereni, ndipo muchite zimenezi kawiri. Muzilemba m'kope madzulo alionse, mwana osadziwa kuti mukumuwerengera. Ngati ma tic akutsika ndi kukwera motsatira chakudyacho maulendo onse awiri, muli ndi chifukwa chochisiyira. Ngati ayi, mubwezereni chakudya chake.

Nanga zitsamba, mankhwala achikuda ndi mapemphero?

Pa zitsamba zonse, zimene zayesedwa mokwanirako ndi za ku China. Msanganizo wina wotchedwa 5-Ling unayesedwa pa ana 603, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti unaposa mankhwala ongoyerekezera. Koma umenewu unali msanganizo umodzi, wopangidwa mwa muyeso, ndipo anawo ankawayang'anira madokotala. Sizitanthauza kuti paketi iliyonse ya zilembo za Chitchaina yogulitsidwa m'tauni ndi yomweyo. Palibe chitsamba cha kwathu kuno chimene chayesedwa pa ana a ma tic mwa njira imeneyi, ndipo vuto la mankhwala a m'botolo lopanda chizindikiro ndi mlingo: thupi la mwana ndi laling'ono, chiwindi ndi impso zake sizichedwa kuvulala. Kumutema mphini kumangomusiyira zipsera ndi chiopsezo cha matenda a palezala.

Chamba musachiyese. N'zoona kuti mu 2020 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lololeza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo n'zoona kuti ku Germany mankhwala ochokera ku chamba anayesedwa pa matenda a Tourette. Koma anayesedwa pa akuluakulu, ndipo zotsatira zake sizinali zokhutiritsa. Bungwe la madokotala a ubongo ku America, American Academy of Neurology, m'malangizo ake a mu 2019 linachenjeza kuti ana asapatsidwe mankhwala otere, chifukwa chamba chimasokoneza ubongo umene ukukula. Njira zina monga kubaya tisingano, kuwongola msana ndi homeopathy zilibe umboni wodalirika.

Za kulodzedwa ndinene mosabisa: ma tic si ufiti ndipo si ziwanda. Amapezeka ku Japan, ku Brazil ndi ku Norway mwa kachitidwe komweko, pa msinkhu womwewo, ndipo amachepa pa msinkhu womwewo. Banja likayamba kufunafuna amene "wachita" mwana, amene amalozedwa chala kawirikawiri ndi agogo okalamba osalakwa, ndipo tikudziwa mmene nkhani zotere zimathera m'midzi mwathu. Pemphero la banja limene limakhazika mtima wa mwana pansi ndi labwino. Koma kumuimika pakati pa gulu usiku wonse, anthu akufuula kuti chiwanda chituluke, kumamuphunzitsa kuti mwa iye muli choipa. Mantha ndi manyazi otere amawonjezera ma tic, ndipo bala la mumtimalo limakhalitsa kuposa ma tic enieniwo.

Ndiye kodi pali njira yopanda mankhwala imene ili ndi umboni?

Ilipo, ndipo n'zachisoni kuti imadziwika pang'ono kuposa mabotolo. Ndi maphunziro ozolowetsa mwana kuyankha mwa njira ina pamene tic ikubwera. Anayambitsa ndi akatswiri awiri a ku America, Nathan Azrin ndi Gregory Nunn, mu 1973, ndipo masiku ano njira yowonjezeredwa imadziwika ndi dzina lakuti CBIT.

Zimayenda motere. Poyamba mwana amaphunzira kuzindikira kukakamiza kuja kumene kumabwera tic isanatuluke: kumayambira pati, kumamveka bwanji. Kenako amaphunzira kachitidwe kena kosaonekera kwa anthu, kamene sikangachitike pamodzi ndi tic. Wogwedeza mutu amaphunzira kulimbitsa minofu ya khosi, chibwano atatsitsa pang'ono. Wotulutsa kaphokoso kukhosi amaphunzira kupuma pang'onopang'ono kudzera m'mphuno, kukamwa atatseka. Wokweza mapewa amakanikiza zigongono m'nthiti. Amagwira choncho kwa mphindi imodzi kapena mpaka kukakamizako kutazilala. Akamachita zimenezi tsiku ndi tsiku, tic imodzi pa nthawi, ubongo umazolowera kuti kukakamizako kumatha kokha. Mbali yachiwiri ndi ya makolo: kufufuza nthawi ndi malo amene ma tic amakula, n'kusintha zimene zingasinthike.

Wina anganene kuti, "Si zomwezo zomuuza kuti asiye?" Ayi. Kumuuza kuti asiye n'kumulamula chinthu chimene sakudziwa kachitidwe kake. Apa akupatsidwa chochita, iye mwini atafuna, ndipo palibe chilango akalephera.

Njirayi inayesedwa ku America pa ana 126 a zaka 9 mpaka 17, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2010. Anakumana ndi mphunzitsi wawo maulendo 8 pa milungu 10. Mwa amene anaphunzira njirayi, pafupifupi 53 pa 100 alionse anapeza bwino kwambiri, pamene mwa amene anangolandira uphungu ndi chilimbikitso anali pafupifupi 19 pa 100. Onani zinthu ziwiri. Choyamba, si onse amene anathandizika, ndipo ma tic anachepa, sanatheretu. Chachiwiri, m'gulu lachiwirilo pafupifupi mwana mmodzi mwa 5 anapeza bwino popanda njirayi. Akadakhala kuti ankamwa mavitamini, makolo awo akadachitira umboni mavitaminiwo.

Malangizo a madokotala a ku America a mu 2019 ndi a ku Ulaya a mu 2021 amati njira za mtundu umenewu ziziyesedwa poyamba, mankhwala asanaganiziridwe. Ku Britain, kafukufuku wa ana 224 wofalitsidwa mu 2021 anaonetsa kuti maphunziro ofananako, ozolowetsa mwana kupirira kukakamiza kuja, amathandiza ngakhale ataperekedwa kudzera pa intaneti. Vuto lathu ndi kuchepa kwa anthu ophunzitsidwa ntchitoyi. Funsani ku chigawo cha ana kapena cha thanzi la maganizo pa zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, kapena ku St John of God, ndipo mutchule dzina la njirayi. Kupita ku chigawo cha maganizo sikutanthauza kuti mwana ali ndi misala. Ana aang'ono, osakwana zaka 8 kapena 9, kawirikawiri sanayambe kuzindikira kukakamiza kuja, choncho kwa iwo ntchito yaikulu ili m'manja mwa makolo.

Tichite chiyani kunyumba ndi kusukulu?

Lekani kuzitchula. Ili ndi langizo lovuta kwambiri kulitsata, koma silifuna ndalama. Nthawi iliyonse imene mwanena kuti "Wayambanso," "Tasiya zimenezo," kapena mwangomuyang'ana ndi diso lodandaula, maganizo a mwana amapita pa tic ndipo imabwera mowirikiza. Uzani onse a pakhomo, agogo ake, azakhali ake ndi achimwene ake omwe, kuti asamuseke, asamutsanzire, asamukwapule. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo madokotala enieniwo amavomereza kuti ngati ma tic sakumupweteka mwana kapena kumusokoneza, kungodikira n'kumuyang'anira ndi chithandizo chokwanira.

Mufotokozereni mwanayo chimene chikumuchitikira: kuti si kulakwa kwake, kuti ana ambiri ali nazo, ndiponso kuti mwa ambiri zimachepa akamakula. Muphunzitseni yankho lalifupi lopatsa anzake akamufunsa. Ngati amakonda mpira, muuzeni za Tim Howard, goloboyi amene anasewera ku Manchester United ndi Everton, n'kugwirira dziko la America pa mpikisano wa dziko lonse wa mu 2014, ali ndi matenda a Tourette kuyambira ubwana wake.

Kutopa, nkhawa ndi chisangalalo chopitirira ndizo zimakweza ma tic kawirikawiri. Mwana wa msinkhu wa kupulayimale amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Foni ndi TV zizimitsidwe nthawi yogona isanakwane. Msiyeni athamange, asewere mpira, avine, aimbe ng'oma: ana ambiri ma tic awo amachepa pamene maganizo onse ali pa chinthu chimene akuchikonda.

Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake, musadikire kuti akuitaneni. Apempheni kuti asamulange chifukwa cha phokoso limene sangaliletse, amukhazike pamalo pamene maso a kalasi yonse sali pa iye, ndipo azimulola kutuluka pang'ono zikamuvuta. Nthawi ya mayeso ma tic amakula, ndiye zimenezi zikambidwe mayeso asanafike.

Yang'aniraninso zina zimene zimayenda limodzi ndi ma tic. Ana ambiri a matenda a Tourette amakhalanso ndi vuto losakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, limene amati ADHD, kapena maganizo owakakamiza kubwerezabwereza zinthu monga kusamba m'manja ndi kuwerenga. Nthawi zambiri mavuto amenewa ndi amene amagwetsa mwana m'kalasi, osati kuphethira kumene tonse tikukuona.

Mankhwala a kuchipatala amafunika liti?

Amafunika ngati ma tic akumupweteka, monga kugwedeza khosi mwamphamvu, ngati akudzivulaza, ngati akulephera kulemba kapena kugona, kapena ngati wayamba kukana sukulu chifukwa cha manyazi. Madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala monga clonidine, risperidone, aripiprazole ndi haloperidol. Sachiza, amangochepetsa, ndipo ali ndi zovuta zake: kugodomalitsa, kunenepetsa, kuumitsa minofu. N'chifukwa chake amayamba ndi mlingo wochepa n'kumamuona mwana pafupipafupi. Ana ambiri a ma tic safunika mankhwala amenewa mpang'ono pomwe.

Ndamva zonsezi, koma ndikufunabe kuyesa mavitamini. Nditani?

Ndikumvetsa, chifukwa n'kovuta kuti kholo lingokhala likuona mwana wake akuvutika. Tengani botololo mukalionetse kwa dokotala kapena wa kufamase musanalitsegule, ndipo mumuuze zaka ndi kulemera kwa mwana ndi mankhwala ena amene akumwa. Gulani ku famase yovomerezeka, osati kwa woyenda nazo m'chikwama kapena wotsatsa pa Facebook ndi WhatsApp. Mawu akuti "n'zochokera ku America" asakukopeni: kumeneko lamulo la mu 1994 limalola kuti zinthu zowonjezera pa chakudya zigulitsidwe popanda kuonetsa kaye umboni wakuti zimagwira ntchito. Yesani chinthu chimodzi pa nthawi, musapitirire mlingo wa msinkhu wake, ndipo ikani malire: pakatha miyezi iwiri popanda kusintha kooneka, siyani. Ndalama ya mabotolo isadye ndalama ya ndiwo.

Wogulitsa akakulonjezani kuti mankhwala ake amachiziratu ma tic, kapena akakuuzani kuti musiye amene dokotala analemba kuti muyambe ake, musagule. Mankhwala monga clonidine akasiyidwa mwadzidzidzi amatha kukweza kuthamanga kwa magazi, choncho kusiya kulikonse kuyambe mwakambirana ndi dokotala amene anawalemba.